Nsapato za Atsibweni pa Ofesi ya Tiyi

Mukamva anthu akukamba za mnyamata wina wa ku Milange amene anathamangitsidwa ndi mbuzi, n'kugwa chagada pamaso pa mzungu wa ku Kelimane, kenaka n'kuchotsedwa ntchito, zonsezi m'sabata imodzi, musavutike kufunsa kuti anali mwana wa yani. Ndine. Koma poti nkhaniyi anthu akuipotoza (ena akuti mbuzizo zinali ziwiri zokha, bodza lamkunkhuniza), ndati ndiikambe ndekha mwini wake mmene inayendera.

Nditamaliza kwarta kalasi, ndiye kuti kalasi yachinayi, ku mishoni, m'mudzi mwathu munalibenso wophunzira kuposa ine, kupatula aphunzitsi ndi Mulungu. Mitsinje yonse ya ku Portugal ndinkaitchula pamtima, kuyambira kumtunda mpaka kumunsi, osapuma. Bambo Padiri ataona nzeru zoterezi anandipezera ntchito ya ukontinuwo pa ofesi ya kampani ya tiyi, m'munsi mwa phiri la Tumbine. Kontinuwo ndi dzina lokoma chabe. Ntchito yake ndi kusesa, kupukuta pansi, kuthamanga ndi mapepala, ndi kubweretsa khofi belu likalira. Koma kwa amayi, zinali ngati ndakhala bwanamkubwa. Anzanga onse a msinkhu wanga anali m'minda ya tiyi, dengu kumsana, mvula ili pamutu. Ine ndinali pansi pa denga la malata.

Amayi anandikhazika pansi tsiku loyamba. "Tamvera iwe. Ntchito iyi uigwire ngati dzira. Pakamwa pakopo utseke. Ukaitaya, dengu likukudikira, ndipo ine kwa Bambo Padiri sindipitanso kukagwada."

Ndinalumbira kuti nditseka. (Ndinatsekadi, mpaka nditafika pachipata.)

Tsopano mumve za kavalidwe, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepa. Pa ofesi ija munthu sunkafunsa udindo wake, unkangoyang'ana miyendo. Azungu ankavala zomwe afuna. Makalaliki achikuda okhala ndi pepala la usimilado, lija lonena kuti munthu uyu tsopano wakhala ngati Mpwitikizi, ankavala buluku lalitali ndi nsapato. Ife makontinuwo, amene boma linkatilemba kuti indijena, kutanthauza anthu wamba akumudzi, lamulo la kampani linali lakuti kabudula wa kaki, malaya opanda thumba, ndi mapazi a Mulungu. Nsapato ayi. Buluku ayi. Kabudula amene anandipatsa ineyo ndikhulupirira anasokera anthu awiri, chifukwa mphepo ikaomba ndinkamveka ngati mbendera ya pa posto, ofesi ya boma ija.

Chimene chinkandiwawa kwambiri n'chakuti patarau wathu, bwana wa ofesiyo, nayenso ankavala kabudula! Koma wake unali wofuna yekha, wokhala ndi masokosi ofika m'mawondo ndi nsapato zolira. Tinkamutcha Kaphulusa, chifukwa phulusa la ndudu silinkachoka pachifuwa pake. Ndiye panali mnzanga wa ntchito, a Namakhwa, bambo wa imvi, wa zidzukulu zodzaza bwalo, mkulu wa mpingo. Mawondo awo anali pamtunda tsiku lililonse ngati mwana wa kalasi yoyamba, ndipo Kaphulusa ankawaitana kuti "Rapazi!", ndiye kuti mnyamata.

Lamulungu lina, Misa itatha, aphunzitsi athu akale anatiimika pansi pa mtengo wa mango. Anali ndi nyuzipepala m'manja, nkhope ili ngwee.

"Abale, boma la ku Lisiboa, kulikulu la Portugal, lasintha lamulo. Kuyambira tsopano kulibenso indijena. Tonse, woyera ndi wakuda, ndife nzika zofanana pamaso pa lamulo."

Azimayi analuluta pang'ono, osadziwa bwino chimene akululutira. Azibambo anafunsa ngati msonkho wathanso, atamva kuti ayi, ananyamuka. Koma ine ndinatsala ndikudzifunsa. Ngati kulibe indijena, ndiye kabudula uja ndi wa yani? Ndinafika kunyumba mapazi osakhudza pansi.

M'mawa mwake ndinawapeza a Namakhwa akupukuta mawindo.

"Bambo, mwamva? Ndife nzika! Mawa mukhoza kubwera ndi buluku!"

Sanatembenuke n'komwe. "Lamulolo lachokera kuti?"

"Ku Lisiboa."

"Likubwera pa chiyani?"

"Lafika kale, lili m'nyuzipepala!"

"Mwanawe, lamulo likakhala lotilanda kanthu limabwera pa ndege. Likakhala lotipatsa limabwera wapansi, ndipo limagona m'njira. Tenga chisanza upukute uko."

Ndinaona kuti munthuyu ukalamba wamulowa m'mutu. Ndinapita kwa kalaliki wamkulu, a Zakariya, amene ankafuna kuti tiziwatchula Sinyoro Zakariya. Amenewo ndiye anachita kufufuma ngati finye.

"Ukuti chiyani? Ine nsapato izi ndinazivutikira! Anabwera azungu kunyumba kwanga kudzaona ngati ndimadya ndi foloko. Anasuzumira kuchipinda kuona ngati ndimagona pa bedi. Mkazi wanga anamufunsa Chipwitikizi mpaka analira. Ndiye iwe ungodzuka lero, ndi mapazi ako ang'alung'aluwo, n'kufanana nane?"

"Si ine ndanena, Sinyoro, ndi Lisiboa."

"Choka apa, ukanditengere inki!"

Mwina ndikanaiwala. Koma sabata yomweyo kampani yonse inayamba kutekeseka. Miyala ya m'mbali mwa msewu ankaipaka laimu, mitengo ankaipaka laimu, galu wa alonda akanapanda kuthawa akanamupakanso. Ife anatiuza kuti tipake sera wofiira pansi pa ofesi mpaka munthu azidziona mano. Nkhani inali yakuti Lolemba kukubwera Insipetoro wa zantchito kuchokera ku Kelimane, kudzaona ngati makampani akutsata lamulo latsopano.

Apo nzeru za kwarta kalasi zinadzuka. Ndinati, ndikavala buluku tsiku wamba, Kaphulusa andithamangitsa pakhomo pomwepo. Koma pamaso pa Insipetoro angayerekeze? Anthu inu, ndinadzigomera ndekha.

Vuto linali limodzi lokha, laling'ono. Ndinalibe buluku, ndinalibe nsapato.

Mwamwayi atsibweni anga anali kumudzi pa tchuthi. Iwowa ndi khukhi wa mzungu ku Sozibele, mzinda waukulu wakutali uja, ndipo anabwera ndi sutikesi imene ankaitsegula ngati tabenakulo. Munali buluku loyera la nsalu yolimba, ndi nsapato zakuda zosongoka kutsogolo, zonyezimira moti ntchentche ikatera inkaterereka. Ndinawalimira mizere ingapo ya chinangwa, ndinawatungira madzi osamba, ndinawaseka nthabwala zawo zonse, ngakhale zimene ndinazimva kale. Kenaka ndinapempha.

"Ukufuna ukafunsire mbeta?" anafunsa.

"Ayi atsibweni, kuntchito kuli mwambo. Akuti aliyense avale bwino." (Sikunali kunama kwenikweni. Mwambo unalipo, ndipo ine ndine aliyense.)

"Tsiku limodzi lokha. Lachiwiri m'mamawa ndikuoloka mtsinje wa Ruo kukakwera sitima ku Luchenza. Nsapato izi zaponda mu Sozibele, wamva? Zikabwera ndi kachilema ngakhale kamodzi, ndikusenda khungu n'kusokera zina."

Lamulungu masana ndinatulutsa buluku lija. Linali lofota chifukwa chokhalitsa m'sutikesi. Tsono ine ndinkaona mabuluku a azungu ali ndi mzere wakuthwa kutsogolo, ndipo ndinkadziwa chinsinsi chake: goma. Kuchapa kwa masisitere ku mishoni ndinkakuonera pa mpanda. Amapala chinangwa, kufinya madzi ake, kuwiritsa pang'ono, n'kuviikamo chovala, kenaka kusita ndi simbi ya makala. Masisitere amathira kachikho kamodzi m'ndowa yodzaza madzi. Ine ndinati, iwo aja amachapira Misa wamba, ine ndikuchapira lamulo la ku Lisiboa. Ndinakumba phata lonse la chinangwa. Nditawiritsa, zinatuluka zinthu zoti mwana akhoza kudya n'kugona. Ndinaviika buluku lonse, kulitembenuza, kuviikanso, n'kuliyanika. Litauma ndinalisita mpaka simbi inatopa.

Abale anga, buluku lija linaima lokha. Sindikunama. Ndinaliimika pakhonde, linaima njo ngati msilikali. Mayi wina woyandikana nafe podutsa anagwada n'kulipatsa moni, poyesa kuti kwabwera alendo. Amayi atabwera kudimba anazungulira kawiri.

"Chimenechi n'chiyani?"

"Chovala cha nzika, amayi."

"Chinangwa changa cha kuseri chija chapita kuti?"

Ndinawalozera buluku. Anangogwira pakamwa n'kulowa m'nyumba. Za mapulani anga enieni sindinawauze, poopa kuwadetsa nkhawa. (Ndine mwana woganizira makolo.)

Lolemba m'mamawa, kulowa m'buluku lija inali ntchito ya anthu awiri. Ndinakwera pa mtondo, mng'ono wanga atagwira bulukulo m'munsi, ine n'kutsikiramo ngati ndowa m'chitsime. M'chiuno ndinamanga ndi luzi, poti atsibweni ndi munthu wa mimba ya kukhitchini. Nsapato, monga mwa mwambo wa aliyense wodziwa mtengo wa nsapato, ndinazimanga zingwe n'kuzikoleka m'khosi, zokavalira pafupi ndi ofesi. M'thumba ndinaikamo makoko a chimanga oti ndikatsekere malo otsala, chifukwa phazi la atsibweni ndi langa zimasiyana ngati bwato ndi chipande.

Mawondo sankapindika. Ndinkayenda ngati lumo, mwendo uliwonse ukulira kuti khwa, khwa. Koma mtima! Mtima unali kumwamba. Ndinkapatsa moni aliyense m'Chipwitikizi, ngakhale ana.

Ndili pakati pa ulendo, kuphiri kunachita mdima. Inu a kwathu mukuchidziwa chiperoni, kamvula kaja kopanda ulemu, kosagwa koma kongoyandama, konyowetsa munthu mpaka m'mafupa. Poyamba ndinakondwa, chifukwa mawondo anayamba kupindika. Kenaka ndinamva kanthu kofunda, koterera, kakutsika m'miyendo. Goma uja anali kubwerera ku chikhalidwe chake chakale. Pofika pa kampaundi ya antchito a m'munda, sindinalinso nzika yovala buluku. Ndinali phala loyenda.

Mbuzi yoyamba inangonunkhiza mwaulemu. Yachiwiri inanyambita. Kenaka uthenga unafalikira, sindikudziwa kuti mbuzi zimauzana bwanji, koma zinatuluka m'makola onse a m'chigawo cha Zambeziya. Zina ndikhulupirira zinachokera ku Molumbo. Ndinati "Tsa! Tsa!" Ndinanena m'Chilomwe. Ndinanena m'Chipwitikizi, mwina zingaope boma. Ayi ndithu. Ndinaliyatsa liwiro, nsapato zikundimenya pachifuwa ngati zikundilanga, buluku likuti phwatha phwatha, mbuzi zili pambuyo. Azimayi othyola tiyi anatula madengu pansi kuti aseke bwino.

"Thamanga mkwati! Akazi ako akukufuna!"

"Mwana wa yani ameneyu, wavala chakudya?"

Panali tonde wina wandevu, wonunkha ngati tchimo. Ameneyo sanafune zonyambita. Anadikira mpaka pamene ndinkadumpha ngalande, n'kuluma kumbuyo, pamalo pomwe munthu amakhalira. Ndinamva kuti pwee! Nditacheuka, tonde uja anali ataima phee akutafuna chigamba cha buluku la ku Sozibele, maso ali pa ine ngati akufunsa ngati kuli ndiwo.

Munthu wanzeru akanabwerera. Ine ndinatulutsa malaya kuti aphimbe kumbuyo, ndinatsuka mapazi pa mpopi wa kuseri kwa fakitale, ndinafutsa makoko m'nsapato, n'kuzivala. Dzuwa linatuluka, goma n'kuyambanso kuuma, pamodzi ndi zonse zimene ndinatola m'njira: masamba a tiyi, chisoso, ubweya wa mbuzi. Ndinalowa pakhomo la ofesi nsapato zikuti gwa, gwa, gwa. Anthuni, kulira kumene kuja! Mpaka lero ndikakukumbukira ndimaiwala zina zonse.

A Namakhwa atandiona anatsamira khoma.

"Mayi wanga ine! Wagwera m'chiyani?"

"M'lamulo, bambo."

"Thawira kuseri msanga, kuli kabudula wanga wina pa msomali. Fulumira asanakuone!"

Sinyoro Zakariya anatulukira, magalasi ali pamphuno. Anayang'ana nsapato zanga, n'kuyang'ana zawo, n'kupeza kuti zanga n'zokongola kuposa zawo. Anathamanga kukaitana patarau.

Kaphulusa anatuluka ndudu ili pakamwa. Tsiku limenelo anali atavala suti, kabudula atamusiya kunyumba. Anandiyang'ana kuyambira kumutu, pofika ku nsapato nkhope inali itafiira ngati sera wa pansi uja. Anatsegula pakamwa, ndudu inagwa, ndipo nthawi yomweyo galimoto ya Insipetoro inaima pakhomo.

Mapulani anga anagwira! Ndikufuna zimenezi zilembedwe, chifukwa anthu okamba nkhaniyi amadumpha pamenepa.

Insipetoro anali kamunthu kakafupi, ka dazi, kooneka kotopa ndi msewu. Analowa, anagwirana chanza ndi Kaphulusa, maso ake n'kugwera pa ine.

"Uyu ndani?"

Kaphulusa anamwetulira, kumwetulira kumene sindinakuonepo chiyambire, n'kundigwira paphewa ngati mwana wake.

"Kontinuwo wathu, Sinyoro Insipetoro. Monga mukuonera, kuno lamulo latsopano tinalilandira ndi manja awiri. Zosiyanitsa anthu pa zovala tinasiya."

(A Namakhwa anali atabisala kuseri kwa kabati, mawondo awo osaoneka.)

Insipetoro anandifunsa m'Chipwitikizi ngati ndinapita kusukulu. Ndinamuyankha ndi mitsinje ya ku Portugal. Anandiimitsa ndili pa wachitatu.

"Chabwino, chabwino. Umavala chonchi masiku onse?"

Apa ndi pamene pakamwa panga, paja amayi anati nditseke, panandigulitsa. Ndikanangoti lero lokha. Koma anthu onse anali kundiyang'ana, Sinyoro Zakariya ali kukamwa yasa, ine ndili pamwamba pa dziko.

"Masiku onse, Sinyoro! Ine popanda nsapato sindingathe n'kuyenda komwe. Mapazi anga sadziwa dothi!"

Insipetoro anagwedeza mutu mokhutira. Dzanja la Kaphulusa paphewa panga linafinya mpaka ndinamva fupa likupempha chikhululukiro. Pochotsa, dzanjalo linamatirira pang'ono, poti goma anali atafika ndi m'malaya momwe.

"Khofi," anatero Kaphulusa, mano ali okukuta.

Ndinapita kukatenga thireyi. Tsono apa panali vuto la masamu. Potuluka m'chipinda ndinayenera kuwafulatira, ndipo malaya aja sankaphimba bwino zenera limene tonde anatsegula. Ndiye ndinatuluka chambuyo, ndikuwerama ngati ulemu. Pobwera ndi khofi zinali bwino, ndinali chamaso. Ndinathira makapu mwaukatswiri. Kenaka Kaphulusa anati shuga watsala pa kabati, kumbuyo kwanga. Ndinati ndibwererenso chambuyo.

Sera uja ndinapaka ndine. Ndinapaka Lachisanu ndi Loweruka, ndi mtima wanga wonse. Mapazi opanda kanthu amamugwira bwinobwino. Koma nsapato za ku Sozibele, zosalala kunsi, zodzaza makoko, zinali zisanakumanepo naye. Mwendo wakumanja unapita ku Kelimane, wakumanzere ku Mulanje. Ndinayesa kugwira mpweya. Thireyi inakwera kumwamba. Nsapato imodzi inavuka, inauluka ngati khwangwala, n'kukatera pa tebulo, pakati pa mapepala a Insipetoro, makoko a chimanga akugwa pang'onopang'ono m'chipinda chonse ngati madalitso. Ine ndinagwa chagada, n'kugubuduka, n'kuthera chafufumimba, zenera lija litaloza kwa boma.

Mtsuko wa khofi unasankha suti ya Kaphulusa.

Kenaka kuseri kwa kabati kunamveka kamawu ngati mluzu wophwa. Anali a Namakhwa akulimbana ndi phwete. Insipetoro ananyamula nsapato ija ndi zala ziwiri, anasuzumira m'kati, anatulutsa khoko limodzi, n'kuyamba kuseka. Anaseka mpaka anapukuta misozi ndi tayi.

"Chitukuko chimayamba chonchi," anatero. "Koma mum'pezere saizi yake."

Galimoto itapita, ndinadziwa kuti mbalamatodya ikundidikira, chithabwa chija chomenyera m'manja. Ndinayamba kale kuuzira m'zikhato. Koma Kaphulusa anandiitana mofatsa, atakhala pampando, akupukuta suti ndi mpango.

"Usaope, rapazi. Sindikumenya. Iwe ndiwe nzika, si choncho? Umadziwa lamulo."

"Inde, patarau."

"Wauza boma kuti umavala nsapato masiku onse. Boma lalemba. Ine sindingalole kuti boma linamizidwe. Ndiye kuyambira mawa, uzibwera ndi nsapato. Tsiku limene ndidzaone chala chako chimodzi pa simenti yanga, ntchito yatha. Tamvana?"

Ndinatuluka ndikuvina! Ndinauza a Namakhwa kuti ndapambana, ndine kontinuwo woyamba wa nsapato m'mbiri ya tiyi. Iwo anangofunsa funso limodzi.

"Nsapatozo n'zako?"

Kuvina kunathera pomwepo.

Za madzulo amenewo kunyumba sindikamba zambiri, chifukwa mwina ana awerenga. Atsibweni ananyamula buluku lawo, analoza dzuwa kudzera pa bowo lija, n'kuyamba kulankhula zilankhulo zonse za ku Sozibele. Ndinagwada. Ndinati buluku ndidzalipira ndikadzakula, koma nsapato zokha andisiyire, ntchito yanga ili m'menemo.

"Ndikusiyire? Kuti mawa ukazidyetse ng'ona? Mlongo, mwana wakoyu munam'tenga kuti?"

Amayi ankangondiyang'ana, ndipo kuyang'ana kumene kuja kunkapweteka kuposa mbalamatodya. M'mawa kusanatenthe nsapato zinaoloka Ruo, zili m'sutikesi yokhoma. Ndinazungulira mudzi wonse. Aphunzitsi anali nazo zimodzi zokha, zili kuphazi. Akatekisiti anati zawo n'zodalitsidwa.

Mukuganiza kuti ndinagonja? Simukundidziwa. Ndinapala mwaye kunsi kwa mphika, ndinasakaniza ndi mafuta a nsatsi, n'kupita nazo kuseri kwa fakitale. Ndinapaka mapazi onse mpaka m'akakolo, ndinapukuta ndi chisanza mpaka anawala. Ndinatenga laimu wotsala pa miyala ija n'kujambula timabowo ta zingwe, kenaka n'kumanga ulusi wakuda pamwamba, mfundo yokongola. Mukanaona patali, mukanalumbira kuti n'za m'sitolo. Nzeru yanga inali yakuti azungu sayang'ana kontinuwo, amangoona khofi akubwera yekha. Phokoso lokha ndi limene linkasowa, ndiye polowa ndinkaliza lilime kuti gwa, gwa.

A Namakhwa anaona, n'kupita kukasesa kutali kwambiri.

Belu linalira. Ndinalowa ndi thireyi, zala nditazipanikiza pamodzi kuti zioneke zosongoka. Kaphulusa anali kuwerenga. Ndinaika kapu. Sanadzutse mutu. Ndinati zatheka! Ndikutembenuka, ntchentche inatera pa chala chachikulu. Ndinapirira. Inayenda. Ndinapemphera. Inalowa pakati pa zala.

"Rapazi."

"Patarau."

"Nsapato yako ikugwedeza zala."

Kenaka anayang'ana pansi, pa sera wake wofiira. Kuyambira pakhomo mpaka pa tebulo panali mapazi akuda, ooneka bwino, chala chilichonse pachokha.

Sanakalipe. Anaitana Sinyoro Zakariya kuti alandire kabudula wa kampani (amene ndinali nditavalanso tsikulo, poti buluku linali litapita), ndipo Sinyoroyo anagwira ntchitoyo mwachimwemwe chimene sindinachionepo pa munthu wamkulu. Ndinabwerera kumudzi nditafunda thumba la tiyi. Mbuzi sizinandiyang'ane n'komwe.

Choncho dziwani kuti m'Milange monse, mwina m'Mozambiki monse, ine ndine munthu wakuda woyamba kuchotsedwa ntchito chifukwa chosavala nsapato. Ena onse ankachotsedwa chifukwa chovala. Ndinayesa kuwafotokozera amayi kuti imeneyi ndi mbiri, kuti mwana wawo watsegula njira. Iwo anangolowa m'nyumba, anatuluka ndi dengu, n'kundiveka kumsana ndi manja awo.

Ku minda ya kwathu sindikanatha, azimayi aja akanandipha ndi nyimbo, poti anapeka kale ina ya mkwati wa mbuzi. Ndiye ndinaoloka, pano ndikuthyola tiyi tsidya lino la Mulanje, mvula ili pamutu, mapazi ali m'matope. Tsiku lina ndinakumana ndi a Namakhwa pamsika wa pamalire. Anali atavala nsapato za matayala, zatsopano. Akuti anangoyamba kubwera nazo kuntchito mwakachetechete, Kaphulusa anaziyang'ana, n'kuyang'ana kumbali, poopa kuti Insipetoro akhoza kubweranso. Kabudula ndiye akadali yemweyo. Anandigulira nzimbe, n'kundiuza kuti ndisamale pakamwa.

Amayi nawo akandiona amafunsa ngati ndaphunzirapo kanthu. Ndimati inde, ndaphunzira kuti ufulu wobwereka mwini wake amautenga Lachiwiri m'mamawa. Amakhutira, n'kundipatsa mbatata. Chimene sindinawauze n'chakuti kuno nakonso kuli kalamulo kake. Chipewa cha khonde amavala akapitawo okha, ife othyola timafunda masaka. Ine ndafunsafunsa, ndipo palibe amene wandionetsa pamene zinalembedwa. Alamu anga a ku Mongue ali ndi chipewa chabwino kwabasi, cha nthenga pambali, ndipo nkhani yangayi sanaimve.